Ndinkati Mtima, Iwo Ankamva Maganizo

Asalamu alaikumu amayi anzanga nonse a pa gulu lino, ndi inu achikhristu amene muli nafe, mtendere ukhale nanu. Dzina langa ndine Asiyatu. Ndimakhala m'mudzi wa m'mbali mwa msewu wopita ku Makanjira, ndipo ntchito yanga ndi yoyanika usipa pa thandala n'kumagulitsa. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni, ndiye mukapeza polakwika pa kalembedwe mungondikhululukira. Koma nkhani iyi sindingaisunge ndekha. Ndinatsala pang'ono kusiya mwana wanga ali wakhanda chifukwa cha matenda a mtima amene anandigwira nditachira. Ndipo chimene chinkandipititsa kumanda sanali matenda okha ayi, linalinso liwu limodzi lomweli lakuti mtima.

Mimba inali yoyamba. Amuna anga, a Yusufu, ananyamuka kupita ku Joni mimba ili yaing'ono, monga amachitira anyamata ambiri kwathu kuno, ine n'kutsala ndi amayi anga. Miyezi yomaliza mutu unayamba kundiwawa, litsipa la pamphumi losamva panado. Nkhope inatupa, ndipo m'maso munkaoneka tinthu tong'anima ngati usipa wauwisi pa dzuwa. Ku sikelo atandimanga chija cha pamkono, anamwino anayeza kawiri, kenako anaitana anzawo kuti adzaone. Anati magazi akuthamanga kwambiri, matenda aja timangoti bipi. Tsiku lomwelo ananditumiza ku chipatala cha ku boma. Kumeneko anandibaya majakisoni owawa, anandiika diripi, ndipo ndinachira mwana wamkazi, Shakira, wochepa thupi koma wolira mwamphamvu. Alhamdulillah.

Potuluka anandipatsa mapilitsi n'kundiuza kuti ndidzabwerenso adzandiyeze. Ndinamva, koma maso ndi makutu anga zinali pa mwana. Kumudzi aliyense ankanena chimodzimodzi, kuti bipi ya mimba imatuluka limodzi ndi mwana. Mutu unali utaleka kuwawa, msewu wathu wa ku boma mukuudziwa nokha, ndiye mapilitsi atatha ndinaona ngati nkhani yatheranso pomwepo.

Titatuluka chikuta ndinayamba ntchito pang'onopang'ono. Choyamba ndinachizindikira pochokera ku mjigo. Ndowa imene ndakhala ndikusenza kuyambira ndili mtsikana inayamba kundiimitsa panjira, ndili wefuwefu ngati andithamangitsa agalu. Mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu, nthawi zina n'kuphiriphitha ngati chambo chimene angochiponya m'bwato. Masilipasi anga anayamba kusiya mizere pa mapazi. Kugona chagada kunandikanika, ndinkagona chokhala nditatsamira thumba la chimanga, ndi kachifuwa kouma kosatha.

Ine ndine munthu wamantha, ndipo wamantha amaona chilichonse. Ndinkayang'ana mapazi m'mawa, masana ndiwayang'anenso. Ndikadina chala pa msongolo, dzenje linkatsala pomwepo osabwerera msanga. Ndinkadziwa kuti m'thupi mwanga muli chinthu. Chimene ndinalibe ndi pakamwa pochinenera.

Ndinayamba ndi amayi, tsiku lina tikusankha usipa. Ndinati, "Amayi, mtima ukundipweteka, sukukhazikika."

Nthawi imeneyo n'kuti a Yusufu atasiya kuimba foni, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Amayi anandigwira dzanja. "Ndikudziwa, mwana wanga. Amuna a ku Joni ndi choncho, lero ali zii, mawa wangomva hutala pakhomo. Limba mtima, uziyamwitsa mwanayu."

Sanandinyoze ayi. Anandiyankha ndi chikondi chonse, koma anayankha mtima wina. Kwathu kuno, kaya m'Chiyao kaya m'Chichewa, mtima ndi liwu limodzi. Umene umasowa mwamuna ndi mtima, umene umakwiya ndi mtima, ndipo kanyama kamene kamapopa magazi m'chifuwamu nakonso ndi mtima. Ine ndinkanena kanyamako. Iwo ankamva maganizo.

Anzanga a pa thandala ndiye anachita kuyambitsa nyimbo. Ndikaima kuti ndipume, wina ankakuwa, "Asiyatu wagwidwa ndi matenda a Joni!" Mnzake n'kuvomera, "Mankhwala ake ndi bulangeti la ku Joni, mwini wake ali momwemo!" Ndinkaseka nawo, koma ngakhale kusekako kunkandithera mpweya.

Nditapita ndi Shakira ku sikelo ya ana, ndinati lero lokha ndikanena. Mzere unali wautali, ana akulira, anamwino ali okhaokha. Atandifikira anati, "Muli bwanji, mayi?" Ine ndinati, "Ndili bwino, kaya inu?" Nanga munthu wamkulu akakulonjera umayankha chiyani? Tinaleredwa choncho, ngakhale uli pa mphasa. Atamaliza kumuyeza mwana ndinanong'ona kuti, "Koma mtima wangawu." Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Khazikani mtima pansi, mayi, mwanayu wakwera sikelo bwinobwino. Musamade nkhawa." Kenako anaitana wotsatira. Sindikuwaimba mlandu. Ndinali nditawauza ndi pakamwa panga kuti ndili bwino, mapazi nditawaphimba ndi chitenje mpaka pansi, ndipo za bipi ya pa mimba sindinatchule n'komwe. Ndinabwerera kunyumba ndi matenda anga monga ndinapitira nawo.

Chimene chinandithyola kwambiri ndi swala. Kwa inu amene simuswali, ife popemphera timawerama, kenako timagwetsa mphumi pansi pamaso pa Mulungu. Ine ndikangotsitsa mutu, mpweya unkatha ngati wina wandikanikiza m'madzi. Ndinkadzuka msanga mawu ndisanamalize. Mapeto ake ndinayamba kuswali chokhala ngati nkhalamba, ine mtsikana wa mwana mmodzi. Apa ndiye maganizo enieni aja anabwera tsopano. Ndinkadzifunsa kuti kodi Mulungu akukana mphumi yanga? Ndalakwa chiyani? Ndinkamuyang'ana Shakira akuyamwa, kadzanja kake kali pachifuwa panga pomwe pankaphiriphithapo, n'kumaganiza kuti adzamuyamwitsa ndani, adzamuuza ndani mmene mayi ake ankaonekera. Ndinafika popinda zitenje zanga ziwiri zatsopano n'kuziika padera pansi pa sutikesi, kuti zidzakhale zake akadzakula. Sindinauze munthu.

Tsiku lina, nditamaliza swala ya masana chokhala chomwecho, ndinakweza manja. Sindinapemphe zambiri, mpweya wa mawu ambiri ndinalibe. Ndinangoti, "Ya Allah, Inu ndi amene munaumba mtima uwu, mukudziwa umene ndikunena. Nditumizireni munthu mmodzi yekha wakumva."

Abale anga, munthu amene anabwera sindinkamuyembekezera. Anali Mayi Gondwe, akazi a aphunzitsi a pa pulaimale yathu. Kwawo ndi ku Rumphi, ndi achikhristu, olankhula mokweza, ndipo ife a pa thandala tikawaona akubwera tinkabisalirana chifukwa amanenerera mtengo wa usipa mpaka munthu kutopa. Anafika masana omwewo ndi beseni lawo. Nditawerama kuti ndiwawolere usipa, mpweya unathawa, ndinagwira mtengo wa thandala kuti ndisagwe.

"Iwe mtsikana, kapumidwe kanji kameneko? Wathamanga?"

"Ayi mayi, ndi mtima chabe."

Ndinadikira kuti nawonso atchule za Joni. Koma anaika beseni pansi n'kundiyang'ana m'maso.

"Mtima uti? Wachikondi kapena wanyama?"

Palibe anali atandifunsapo funso limeneli. Misozi inangotsika yokha. Ndinawalozera pachifuwa. Anakweza chitenje changa osapempha n'komwe, anadina pa msongolo, dzenje linatsala.

"Pa mimba anakupeza ndi bipi?"

"Eya."

"Mapilitsi ukumwa?"

"Anatha."

"Yesu wanga!" anatero atagwira m'mutu. Ine chamumtima ndinati Allahu Akbar, chifukwa ndinadziwa kuti duwa yanga, pemphero langa lija, yayankhidwa, ndipo yankho labwera ndi beseni la usipa.

Anandiuza kuti nawonso mimba yawo yachiwiri inali ya bipi, ndipo mpaka lero amakayezetsa ngakhale mwanayo ali ku sekondale. Anati adokotala anawauza kuti bipi ya mimba kwa ena imatsalira, kwa ena imapita n'kudzabweranso patapita zaka, ndipo imatha kutopetsa mtima. Sanadziyese adokotala ayi. Anati, "Ine mankhwala sindiwadziwa, koma pakamwa pokha ndikukonza lero." Anakhala pansi pamchenga pomwepo, anapinda manja, n'kusanduka adokotala.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino."

"Wafa! Bwereza."

Anzanga aja anafa nako kuseka, koma Mayi Gondwe sanaseke. Anandibwerezetsa mpaka lilime linazolowera. Anati ndisayambe ndi liwu lakuti mtima, chifukwa liwu limeneli lili ndi makomo ambiri ndipo anthu amalowera lolakwika. Ndiyambe ndi mimba, kuti ndinali ndi bipi, anandibaya majakisoni, mapilitsi anatha. Kenako ndinene zimene thupi likuchita, za ndowa, za kugona chokhala, za chifuwa. Mapazi ndisawafotokoze, ndiwaonetse. Ndipo ndisatuluke m'chipindamo funso lili kukhosi.

Anandiperekeza kunyumba. Amayi poyamba anakayikira, anati munthu wodwala mtima amayenda, amaphika, amachapa? Mayi Gondwe sanakangane nawo. Anangogwira chala cha amayi n'kuchidinitsa pa mwendo wanga. Amayi anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. Kenako ananena chapansipansi, ngati akudzilankhulira okha, kuti, "Maganizo satupitsa mwendo." Anadzuka n'kuyamba kulongedza matewera a mwana.

M'mawa mwake tinakwera lole yopita ku boma. Shakira anamubereka ndi amayi, chifukwa ine chitenje chikandimanga pachifuwa ndinkabanika. Njira yonse ndinkabwereza mawu aja chamumtima ngati mwana wa ku madarasa. Lole ikagwera m'dzenje mawu ankabalalika, ndinkawatolanso n'kuyambira poyamba.

Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Adokotala anali bambo wachinyamata, maso ali pa tebulo akulemba. Anati, "Muli bwanji, mayi?"

Pakamwa panga panayamba pokha. "Ndili bwi..."

Ndinaluma lilime. Kunja kwa chitseko ndinamva Shakira akulira kumsana kwa amayi, kulira kwake kuja kwamphamvu. Ndinati mwana uyu sakula ndi zitenje ziwiri, akula ndi ine.

"Pepani adokotala, sindili bwino."

Anaika cholembera pansi n'kutembenuza mpando. Ndiye ndinayamba, mopumira, mawu pang'ono mpweya, mawu pang'ono mpweya. Ndinanena za bipi ya pa mimba, za majakisoni, za mapilitsi amene anatha. Ndinanena za ndowa ndi thumba la chimanga. Kuonetsa mwendo kwa mwamuna wachilendo ndi chinthu cholemera kwa ife, ndiye ndinapempha kuti anamwino akhalepo, ndipo anawaitana. Ndinavula masilipasi n'kudina ndekha pa msongolo. Pomaliza ndinanena chimene Mayi Gondwe sanandiphunzitse, chimene ndinkachita nacho manyazi kuposa zonse. Ndinati, "Ngakhale kuswali kukundikanika. Ndikagwetsa mphumi pansi mpweya umatha." Ndinkaopa kuti aseka, kapena anena kuti zimenezo ndikawauze a shehe. Koma anafunsa kuti, "Mukangowerama, kapena mukakhalitsa?" Ndipo analemba yankho langa. Chimene ine ndinkachiyesa mkwiyo wa Mulungu, kwa iwo chinali chizindikiro cha matenda.

Anandiyeza bipi, inali yokwera. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana, n'kunena kuti m'mapapo muli madzi ndipo kunyumba sindibwerera tsiku limenelo. Anandigoneka. Pondiunika pa sikani ndinakaona ndi maso anga kanyama kaja, kakutseka n'kutseguka motopa ngati nsomba imene yakhalitsa kumtunda. Anandifotokozera m'Chichewa chomveka kuti mtima watopa, sukupopa mokwanira, ndiye madzi akutsalira m'mapapo ndi m'miyendo. Anati ndachita bwino kubwera, ndikanachedwa zikanavuta. Anandipatsa mankhwala ochotsa madzi ndi ena a bipi. Ndinkangopita kokataya madzi mpaka manyazi, koma pang'onopang'ono mpweya unayamba kufika pansi. Tsiku limene ndinagona chagada n'kupeza tulo, amayi anakhala pambali pa bedi akungondiyang'ana.

Ndisanatuluke ndinakumbukira lamulo lomaliza la Mayi Gondwe, lakuti ndisachoke funso lili kukhosi. Adokotala atabwera pa bedi langa ndinawaimitsa, ine yemwe uja wonong'ona ku sikelo. Ndinafunsa ngati ndingapitirize kuyamwitsa, anati inde, asankha mankhwala ogwirizana ndi mayi woyamwitsa. Ndinafunsa za chakudya, anati ndichepetse mchere kwambiri. Ndinafunsa za kufunga mwezi wa Ramadhani, anati chaka chimenecho ndisafunge chifukwa cha mankhwala ndi mmene mtima unalili, tidzakambirananso m'tsogolo. Pambuyo pake a shehe athu anandiuza kuti wodwala Mulungu anamupatsa kale chilolezo. Funso lovuta ndinalisungira kumapeto. Ndinati, "Nanga mimba ina?" Sanandinamize. Anati ndisatenge pakati mpaka atadzaonanso mtimawo, ndiyambe kulera, ndipo bambo akadzabwera tidzapite limodzi adzatifotokozere tonse awiri. Ndiye anawonjezera mawu amene ndikufuna nanunso muwasunge. Anati moyo wanga wonse, chipatala chilichonse chimene ndidzapite, ngakhale ndi dzino, ndizinena kuti ndinali ndi bipi pa mimba, ngakhale Shakira atakula n'kukwatiwa. Ndipo ndiziyezetsa bipi ngakhale thupi likumva bwino, chifukwa imatha kukwera mwakachetechete.

A Yusufu anaimba ndili m'chipatala momwemo, pa foni ya mnzawo. Yawo inali itabedwa, n'chifukwa chake anali zii. Nditawauza kuti andigoneka chifukwa cha mtima, anayamba kupepesa. "Pepa Asiyatu, ndi ine ndakudwalitsa maganizo." Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, "Bambo a Shakira, musadzikweze, mtima uwu si wa inu ayi." Ndiye ndinawafotokozera zonse monga ndinafotokozera adokotala, mpaka nkhani yodikira mimba ina, imene ndinkaiopa kuitchula. Kumbuyo kwawo kunkamveka magalimoto a ku Joni. Kenako anati, "Shakira akufuna mayi ake kuposa mlongo. Imwa mankhwala."

Sindikunena kuti ndachiriratu, ndingakhale ndikukunamizani. Mankhwala ndikumwabe tsiku lililonse, ndipo tsiku loti ndikaonane ndi adokotala likakwana ndimakwera lole, kaya kuli fumbi kaya kuli matope. Ku mjigo ndimapita ndi ndowa yaing'ono. Ndiwo zanga amayi amapatula asanathire mchere, ndipo poyamba zinkandikanika kumeza, koma ndazolowera. Mantha nawo sanathe, mapazi ndimawayang'anabe m'mawa uliwonse. Koma tsopano mantha anga ali ndi pakamwa.

Lachisanu lina, patapita miyezi, ndinayala mkeka n'kunena kuti lero ndiyesa kuswali choimirira. Ndinawerama, mpweya unalipo. Ndinatsika n'kugwetsa mphumi pansi, ndikudikira kuti madzi aja andimize. Sanabwere. Ndinapuma, ndinapumanso, mphumi ili pamkeka. Ndinakhalitsa pamenepo mpaka amayi anandigwedeza phewa, kuopa kuti ndakomoka. Sindinakomoke. Ndinali ndikubweza zikomo yense amene ndinalephera kumunena miyezi yonse ija.

Zitenje ziwiri zija ndinazitulutsa pansi pa sutikesi. Chimodzi ndinakawapatsa Mayi Gondwe, anachilandira akulira, koma mawa lake anabwera pa thandala n'kunenerera mtengo wa usipa ngati palibe chinachitika. Chinacho ndi chimene ndavala lero pamene ndikulemba izi, Shakira akukoka mphonje yake pofuna kuimirira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mtima umene ndinkanena pamene anthu ankamva wina. Ndikuthokoza amayi anga, adokotala ndi anamwino amene anandisamala, ndi mayi wa ku Rumphi uja amene Mulungu anamubwereka tsiku limene lija.

Tsono iwe mnzanga amene unali ndi bipi pa mimba, usati nkhani inatha tsiku limene unachira. Pita ukayezetse. Ukaona mpweya ukuchepa, mapazi akutupa, kugona chagada kukukanika, usadikire. Akakuuza kuti limba mtima, limbadi, koma limba uli pa msewu wa ku chipatala. Akapanda kukumva koyamba, nenanso, sintha mawu, onetsa mwendo, bwerera mawa. Pemphera, ndipo usasankhe munthu amene Mulungu angamutume. Moni wa ulemu uwapatse anzako pa mzere panja. Ukalowa m'chipindamo, adokotala akakufunsa kuti muli bwanji, luma lilime monga ndinachitira ine, unene zoona. Ine ndili moyo lero chifukwa tsiku limodzi ndinakana kunena kuti ndili bwino.